A Vinsenti Atengera Mkwatibwi Wawo ku Mapiri a Ntchisi

Kukangoyamba kuyera, nkhuku zisanatsike m'mitengo, a Vinsenti Chisale amakhala atadzuka kale. Nyumba yanga inayang'anizana ndi yawo kuno kwathu kufupi ndi pa Chezi, ndiye ndimawamva tsiku lililonse. Chimayamba kulira ndi chitseko, kenako makeni awiri othirira mbewu amagundana akamawachotsa pamsomali wa pakhonde. Amaima pang'ono, kuchita chizindikiro cha mtanda keni imodzi ili m'manja, n'kuyamba kutsetsereka kupita kudambo kumene kuli dimba lawo la tomato ndi anyezi.

Mkazi wa a Vinsenti ndi mayi Elube, ndipo njira ya kudimbako imadutsa kuseri kwa nyumba ya mlongo wa mayiwa, a Agustino, amene ndiwo mwini mbumba. Pofika pamenepo a Vinsenti amatsokomola, n'kupereka moni chapansipansi. Yankho limachokera m'kati, mwini wake akadali m'bulangete.

"Kodi alendo aja akadalipo? Ine ndimayesa munapita dzulo."

"Tikadalipo, alamu. Basi yatisiya."

"Mawa mulawirire."

Moni umenewu wakhala ukuperekedwa chomwechi kwa zaka zoposa makumi atatu. A Vinsenti ndi mkamwini. Anachokera ku mapiri a ku Ntchisi ali mnyamata kudzagwira ganyu yosoka fodya, anaona Elube akubwera kudambo atasenza mtolo wa udzu, ndipo ganyuyo itatha anzawo anabwerera okha. Njerwa za nyumba yawo anaumba ndi manja awo, chitsime cha kudimba anakumba okha, ana anayi anawalerera pomwepa. Koma dothi lonselo ndi la akuchikazi, ndipo palibe amene analiiwala zimenezo, makamaka a Agustino.

A Vinsenti ndi munthu wochepa thupi, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Kutchalitchi sayimba kwaya, sawerenga mawu, koma mabenchi akathyoka mumawapeza akhomedwa osadziwa kuti wakhoma ndani. Tomato wawo ndi amene amayamba kutha pamsika wa m'mbali mwa msewu, komabe eni ake saloledwa kuima pabenchi yogulitsira. Mayi Elube anawaletsa kalekale, chifukwa wogula akangoti wadula, a Vinsenti amapepesa n'kuwonjezera basela mpaka mulu wina kutha. "Inu zanu ndi madzi ndi manyowa," amatero mayiwo. "Za pakamwa musiyire ine." Ndipo pakamwa ali napodi. Akaitana wogula tsidya lino la msewu, wa tsidya linalo amatembenukanso.

Chimene alendo amadabwa nacho n'chakuti banja la zidzukulu zisanu limeneli ukwati wake wa kutchalitchi ndi wa posachedwapa. Poyamba ankati adalitsa ukwatiwo fodya akagulidwa bwino. Fodya atagulidwa bwino kunagwa maliro. Maliro atatha, a Agustino anati mkamwiniyu sanamuonetsetse. Zaka zinapita choncho, mayi Elube akumatsala pabenchi anzawo akamapita kukalandira Ukalistia. Kenako kuparishi kunabwera bambo mfumu amene za fodya sankazimva. Anasonkhanitsa mabanja onse otere, nawaphunzitsa, nawadalitsa Loweruka limodzi mu Okutobala, mwezi wa kolona. Velo ya mayi Elube inagwiridwa ndi zidzukulu ziwiri zimene zinkalimbirana mbali. Ine ndinali mboni yawo. Pobwerera kuguwa atalandira, mayi Elube ankalira mwakachetechete, ndipo a Vinsenti, posowa mpango, anawapatsa chipewa. Kuphwando a Agustino anaimirira n'kulengeza kuti poti mnyamatayu walumbira pamaso pa ansembe, tsopano ayamba kumuyesa ngati ali wolimbikira ntchito.

Patapita miyezi ingapo kunamwalira mayi wina wa m'mudzi mwathu. Amuna awo, a Alexio, analinso mkamwini wakale, mnzawo wa a Vinsenti wa pabawo. Atameta maliro, akuchikazi anawasudzula mwaulemu wonse, popanda wokalipa, ndipo m'mawa wina a Alexio ananyamuka kubwerera kwawo ku Dzoole. Nyumba ya malata anaisiya, mitengo ya mango anaisiya. Panjinga anamangapo mphasa, wailesi ndi kampando. Amene anawathandiza kumanga katunduyo ndi a Vinsenti, ndipo anamanga mfundo zambiri kuposa mmene katunduyo ankafunira.

Kuyambira pamenepo a Vinsenti ankasekabe nthabwala za alamu awo, koma kusekako kunkachedwa kubwera. Mumtima anali atayamba kudzifunsa kuti Elube akadzatsogola, iwo adzalowera kuti. Anatumiza mawu kwa mlongo wawo wamkulu, mayi Faines, ku Ntchisi, ndipo yankho linabwera lakuti malo alipo, abwere adzaone. Maganizo awo anali oti apemphe mayi Elube akakhale nawo kumeneko chitengwa, amange kanyumba mphamvu zikadalipo, kuti tsiku loipalo lidzawapeze ali padothi la amayi awo. Koma nkhani yotere siyambika pakhomo pamene zidzukulu zikulowa ndi kutuluka, alamu ali kuseri kwa mpanda.

Mpata unabwera ndi Tamandani, mwana wawo wamkazi amene ndi namwino ku Mponela. Anaimba foni tsiku lina masana, ndipo poti a Vinsenti foni amaiika patali ndi khutu, tonse tinamva.

"Ababa, mwezi wamawa ukwati wanu ukukwanitsa chaka. Anivesale. Muwatengere amayi kwinakwake akapume."

"Akapume adwala?"

"Ayi, ababa. Anthu amatero masiku ano. Mumachoka Lachisanu, kubwera Lamulungu, awiriwiri. Osalima, osaphika."

"Nanga tikakafika tikachite chiyani?"

"Mukacheze!"

A Vinsenti anati akudziwa malo abwino kumapiri, kozizira bwino, kwa azakhali ake a Tamandani.

Nkhaniyi itafika kwa a Agustino, anabwera dzuwa likupendeka atavala jekete la kumilandu, nakhala pampando wa a Vinsenti osaupempha. Ine ndinali pomwepo, tikusankha nyemba ndi mayi Elube.

"Alamu, ndamva mukuba mlongo wanga."

"Sikuba, alamu. Ndi anivesale."

"Ndiye chitengwa chimene chija mwachiveka suti."

A Vinsenti anayang'ana pansi, chifukwa nthabwalayo inali itaponda pamalo enieni mwini wake osadziwa.

"Achimwene, ndi masiku awiri okha," anatero mayi Elube. "Kwawo kwa aChisale ndapitako kangati konse?"

"Unkapita kumaliro, ndi gulu, kukagona pasiwa. Uku n'kwina. Ukwati uwu ndi wa chaka chimodzi, ndinaona ndi maso anga. Mkwatibwi wa chaka chimodzi sapita kuchimuna yekha ngati mbuzi yosokera. Aperekezedwe."

"Mkwatibwi wa imvi?"

"Ansembe sanafunse za imvi."

Anayang'anayang'ana, maso awo n'kugwera pa ine. Anati woyenera ndi ine, chifukwa ndinali mboni, sindimwa, ndipo ndikabwera ndidzanena zoona. Ndinayesa kukana, koma mayi Elube anali akuseka kale mpaka nyemba kutayika m'lichero, ndipo nkhani inathera pomwepo.

M'mawa mwake, pochokera kudimba, a Vinsenti anaima pakhomo panga ndi tomato wodzaza chipewa. Anandiuza zonse za a Alexio, za mayi Faines ndi za malo aja, maso ali pamakeni. Pomaliza anati, "ANankhoma, tikakafika pamalopo, inu mukatsalire pamthunzi. Mukachite kolona. Osati yachidule ayi, yathunthu. Mukamaliza mukayambirenso."

Ndinavomera. Sindinapemphedwepo ntchito yopepuka chotero.

Tinanyamuka Lachisanu. Dimba analisiyira a Agustino, amene anati kuthirira tomato ndi ntchito ya ana, angoona ngati angapeze nthawi. Mayi Elube anatenga tambala, ufa ndi anyezi zokapatsa eni mudzi. A Vinsenti anali ndi kachikwama, ndipo pansi pake anabisamo chitenje chatsopano chimene anagula mobisa pa Chezi, choti akapereke kwa mkazi wawo asanayambe nkhani yawo. Mpaka pa Dowa boma tinayenda pa minibasi. Kuchoka apo kunali kwa njinga zamoto za kabaza, ndipo a Vinsenti anali atazikonza kale m'mutu: iwo ndi mayi Elube njinga imodzi, ine ina. Koma mayi Elube ataona msewu wafumbi ukukwera phiri, anakana.

"Inu aChisale, wopepuka ngati phesi, mukhale kumbuyo kwanga? Tikadumpha dzenje ndikakusakani kuti? Ine ndikwera ndi aNankhoma, ali ndi thupi."

Choncho ulendo wa awiriwiri unayamba amayi awiri titakumbatirana kutsogolo, mkwati akutsatira m'fumbi lathu atafungata tambala. Tinadutsa minda yogalauzidwa kale, mizere ikudikira mvula. Tikukwera, kutentha kwa Okutobala kunayamba kuchepa, mphepo n'kumalowa m'makutu. Pamtsetse uliwonse mayi Elube ankaitana Mariya ndi oyera onse, ndipo pachikweza chilichonse ankatembenuka kuona ngati amuna awo akadalipo.

Chimene sitinadziwe n'chakuti Tamandani anali ataimbiranso foni azakhali ake, kuwauza kuti kukubwera akwati. Mayi Faines anazimva monga mmene anafunira kuzimvera. Tikutsika panjinga, tinalandiridwa ndi nthungululu. Amayi a m'mudzimo anali atasonkhana pabwalo, mphasa yatsopano itayalidwa, ndipo mayi Faines, wamfupi ngati mlongo wawo koma wa mawu okwanira anthu atatu, ankavina akubwera.

"Wafika! Mtengwa wathu wafika! Tamudikira mpaka mano kutha, koma wafika!"

Ine ndinayesa mayi Elube awakalipira. M'malo mwake anayang'ana mphasa, anayang'ana amayi aja, kenako anakoka chitenje cha paphewa n'kudzifunditsa kumutu. Anayenda pang'onopang'ono ngati mwana wa dzulo, nakhala pamphasa atatambasula miyendo, mutu uli pansi.

"ANambewe," anatero a Vinsenti, poti ndi mmene amawatchulira akazi awo, "tapatsani moni alamu anu."

Chete.

"Achimwene, ku Dowako mwambo munautaya?" anatero mayi Faines. "Mkwatibwi salankhula asanafupidwe."

Amayi aja anayamba kubwera mmodzimmodzi. Wina anaika dzira pamphasa, wina sopo, wina kambale kadothi. Aliyense akafupa, pansi pa chitenje pankatuluka kamawu kakang'ono koti zikomo, koonda ngati ka mwana wa sukulu ya mkaka. Ndikanapanda kukhala nawo pafupi sindikanakhulupirira kuti ndi mayi yemwe uja wa pamsika wa Chezi. Wina anafunsa ngati mkwatibwiyu amadziwa kusinja. Wina anati aonetsetse, mwina akubwera ndi pakati. Chitenje chinkagwedezeka ndi kuseka, koma mawu sanatuluke.

Tambala, ufa ndi anyezi zinaperekedwa. Kenako a Vinsenti anatsegula kachikwama kawo kuti atenge kansalu kopukutira fumbi kumaso, ndipo nsonga ya chitenje chatsopano chija inasuzumira. Mayi Faines maso awo ndi akuthwa.

"Ayi ndithu, mlongo wanga sanandiiwale!"

Anachisolola, kuchitambasula, kuchimanga m'chiuno, n'kuzungulira nacho bwalo lonse amayi akuimba nthungululu.

"Chakukhalani, alongo," anatero a Vinsenti, nkhope ili ngati ya munthu amene wameza mbatata yotentha.

Chakudya chamadzulo anadya okha pansi pa mtengo, monga mlendo wolemekezeka, madzi osamba m'manja atabweretsedwa mogwada. Ana ankasuzumira pakona pa nkhokwe akufunsana ngati agogo a ku Dowa aja ndi amenewa. Za malo ogona mayi Faines anaziweruza dzuwa lisanalowe. Anati m'nyumba mwawo muli ana aang'ono, banja la eni silingagonemo pamodzi. Amayi tigona ndi iwo kuchipinda, ndipo achimwene apite kumphala kwa anyamata, malo aliko. A Vinsenti ananyamula bulangete lawo n'kumapita, osatembenuka.

Loweruka kukuyera ndinawapeza ataima pakati pa bwalo, manja ali lendelende. Thupi linali litawadzutsa pa nthawi yake, koma panalibe keni yoti anyamule. Anapempha khasu, anawakaniza kuti mlendo salima. Anapempha nkhwangwa, anawapatsa mpando. Anandiuza kuti kumphala anagona pakati pa matumba a soya ndi khoma la khola la mbuzi, ndipo tonde wa kumeneko ali ndi chifuwa. Kenako anandifunsa ngati ndikuganiza kuti alamu akumbukira zoyamba kuthirira bedi la kumunsi. Tisanamalize tiyi anandifunsanso.

Dzuwa litakwera pang'ono ananena kuti akufuna akaonetse akazi awo malo. Mayi Faines anayamba kuitana amayi onse kuti aperekeze. Apo ndi pamene ndinalankhulapo, kuti mkwatibwi ali kale ndi womuperekeza, ndipo anatumidwa ndi mwini mbumba. Mayi Faines anandiyang'ana, navomera.

"Mukafika pamjigo mukhotere kumanja, achimwene."

"Njira ya kwathu ndingaiiwale?"

Anaiiwala. Kapena ndinene kuti njira imene ankaidziwa kunalibenso. Iwo ankafuna kanjira kodutsa m'nkhalango ya misuku n'kutulukira pakasupe pamene ankamwetsa mbuzi ali mwana. Tinapeza minda, nyumba za malata ndi chigayo. Tinakhota uku, tinabwerera, tinatulukira kuseri kwa bafa la eni. Mayi wina amene anasenza ndowa anaima n'kutipatsa moni.

"Agogo, mukufuna kwa yani?"

A Vinsenti anatchula dzina la amayi awo. Mayiyo anapukusa mutu. Anatchula la malume awo, amene kale mudzi wonse unkawaopa. Mayiyo anati mwina ndi mudzi wina. Atatchula mayi Faines, nkhope yake inawala.

"Oo, ndinu alendo a ku Dowa aja! Mwasokera. Bwererani pamjigo, mukhotere kumanja."

Ndinayang'ana mayi Elube. Chitenje chinali chikadali kumutu, koma ulendo uno sichinagwedezeke.

Malowo anali pamwamba, pamtsetse. Pamene panali nyumba ya amayi awo panali munda wa mwana wa mayi Faines, wogalauzidwa bwino. Gawo lotsala linali kumtunda kwake, miyala yambiri kuposa dothi, ndi mtengo umodzi wa msuku. Koma kuona kokha kunali kosangalatsa. Mapiri ankatsatizana mpaka kusanduka utsi, ndipo midzi inkaoneka pansi ngati mtedza woyanika. Ine ndinatsalira pamthunzi wa thanthwe, cham'munsi, n'kutulutsa kolona. Mawu awo sanandifike. Zimene analankhulana anandiuza mayi Elube madzulo ake tikutsuka mbale, ndipo a Vinsenti sanatsutsepo n'kamodzi komwe.

"ANambewe," anayamba motero.

Chete.

"ANambewe, kuno kulibe anthu. Chotsani chitenjecho."

Pansi pa chitenje panatuluka dzanja, chikhatho chili m'mwamba.

"Ndinali nacho chokufupani. Chavalidwa ndi alongo anga."

Dzanja silinabwerere. A Vinsenti anapapasa m'matumba napeza kaluzi komangira tomato ndi msomali wopindika. Izi ndinaziona ndekha: anapita pansi pa msuku, kuwerama, kutola masuku oyamba kugwa, kuwapukuta pashati limodzilimodzi, n'kukawaika m'chikhathomo. Mayi Elube anadya limodzi, analavula njere, kenako anagwetsera chitenje m'mapewa.

"Chitenje chija ndinachiona kale pansi pa matiresi," anatero ndi mawu awo a masiku onse. "Chinali chokongola. Nenani tsopano chimene mwandikwezera phiri."

A Vinsenti anayang'ana miyala. Anayang'ana kumunsi kumene mjigo unkaoneka ngati kachitsotso, ndi mudzi umene ana ake ankawatchula agogo a ku Dowa. Anakonza kukhosi.

"Mukuganiza kuti alamu athirira?"

"Mwandikweza phiri lonseli, maondo anga awa, kuti mundifunse za tomato?"



"Ndinakuonani tsiku lija mukumanga katundu wa a Alexio," anatero mayi Elube. "Chichokereni tsiku limenelo mumadya ngati mwabwereka pakamwa. Mukufuna tidzakhale pano. Funsani, ndine mkazi wanu, ndinalumbira pamaso pa ansembe ndi zidzukulu. Mukati tibwere, ndibwera. Koma madzi muzikatunga ndinu, ndipo njira ya kumjigo mwaiona mmene yakuchitirani."

A Vinsenti anakhala pamwala.

"Kuno sindikudziwa munthu, Elube. Amene ndinkawadziwa ali kumanda." Mayi Elube akuti dzina lawo lenileni anali asanalimve pakamwa pa amuna awo chibadwire mwana woyamba. "Ndabwera kwathu, andipatsa mpando. Ndiye inu mukadzatsogola, ine ndidzapita kuti?"

"Wakuuzani ndani kuti nditsogola ine? Wamkulu ndinu, wowonda ndinu, wodzuka kukuzizira ndinu."

Apo anaseka, ndipo kusekako ndinakumva ndili pansi pa thanthwe.

"Koma zikadzatero," anapitiriza mayi Elube, "ine pakamwa padzakhala patatsekeka, ngakhale simungakhulupirire. Amene adzalankhule ndi achimwene. Munayamba mwawafunsapo?"

"Alamu salankhulika. Chilichonse amachisandutsa nthabwala."

"Inunso mumawayankha nthabwala. Mwazolowerana ngati agalu a mpanda umodzi, kuuwana basi. Tsiku lina tangowafunsani ngati munthu."

Anakhala pamenepo nthawi yaitali. Ndinamaliza kolona, ndinayambiranso monga mmene ndinalonjezera. Nditakweza maso kamodzi, ndinaona atakhala pamwala umodzi, masuku ali pakati pawo, a Vinsenti akuchotsa chisoso m'mphepete mwa chitenje cha akazi awo, kambewu kamodzikamodzi, mayi Elube akuwalozera pamene asiya. Ngati zimene ankanena Tamandani zinachitikadi paulendowu, zinachitikira pamwala umenewo.

Lamulungu tinapemphera m'katchalitchi ka m'mudzimo. Mphunzitsi wotsogolera mapemphero analengeza kuti pakati pathu pali akwati atsopano, aimirire tiwaone. Anaimirira, anthu anaomba m'manja, ana anaseka mpaka kuwatulutsa panja. Potsanzikana, mayi Faines, atavala chitenje chija, anatipatsa nyemba ndi thadzi, nakokera mlongo wawo pambali.

"Malo mwawaona, achimwene?"

"Ndawaona. Ndi abwino. Apatseni ana alimepo."

Mayi Faines anawayang'ana nthawi yaitali. Anangowakonzera kolala ya shati.

Pobwerera, mayi Elube anakwera njinga imodzi ndi amuna awo popanda wowapempha. "Mundigwire zolimba," anatero. "Mukagwa sindiimitsa." Ine ndinatsatira kumbuyo ndi thadzi.

Pa Chezi tinapeza a Agustino akudikira pamalo otsikira, buluku lili matope mpaka m'maondo, dzanja limodzi lili pamsana. Anazungulira mlongo wawo ngati akugula ng'ombe.

"Manja awiri, miyendo iwiri. ANankhoma, nenani zoona. Anamudyetsa?"

"Anawadyetsa."

"Sanamunyengerere kuti akhalire komweko?"

"Sanawapemphe," ndinatero, ndipo zinali zoona.

"Chabwino. Koma alamu, makeni anu aja ndi a anthu kapena a ng'ombe? Msana wanga wathera kudambo. Chaka chamawa anivesale yanu mukachitire kuseri kwa nyumba."

Tinayamba kuyenda kupita kumudzi. Mayi Elube anatsogola, akupatsa moni aliyense ndi kufunsa mitengo ya tomato. Ine ndinali pakati ndi thumba la nyemba, abambo awiriwo kumbuyo kwanga. Titadutsa pamlatho ndinamva mapazi awo aima. Nditacheuka, a Vinsenti anali atavula chipewa, chinthu chimene sachita kwa alamu awo.

"Chipewa chavulidwa," anatero a Agustino. "Kwagwa maliro?"

A Vinsenti sanaseke. Ananena zimene anali nazo, ndi mawu awo apansipansi omwe aja, osayang'ana kumbali. A Agustino anatsegula pakamwa monga mwa masiku onse, koma nthabwala sinabwere. Anawerama n'kuyamba kukonza nkhwaira imene inalibe vuto. Ataweramuka anayang'ana kumwamba, nati kumbali ya ku Mvera kukuchita mitambo, mwina mvula ilawirira chaka chino. Kenako anandilanda thumba la nyemba, ngakhale msana unkawawawa, n'kumayenda mofulumira.

Mvula inabweradi, tinalima, tinakolola, ndipo Okutobala wina wayandikira. A Agustino sanakane, sanavomere. Mwina nkhaniyo si ya iwo okha, pali alongo ena ndi ana awo amene adzafune kulankhulapo. Mwina akufunafuna mawu amene sanazolowere kuwanena. Ine sindifunsa, ndimangowatchula onse awiri m'mapemphero anga. A Vinsenti sanabwerezenso, akuti munthu wamkulu amamva kamodzi. Zimene anapempha pamlatho paja zinali izi:

"Alamu, lero lokha musandiseke. Mlongo wanu akadzatsogola, munda sindidzaufuna, dimba ndi la ana. Mudzangondisiya m'nyumba muja mpaka tsiku langa, ndipo likadzafika mudzandiike pafupi naye. Mungandilole?"